Kusala kudya kumene ndinalengeza mu Febuluwale

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, nonse amene mukuwerenga izi, landirani moni wochokera kuno ku Mchinji. Ine ndine Mayi Banda, mphunzitsi. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene ndinatsala pang'ono kuthamangitsidwa pasukulu pomwe ndimagwira ntchito, nditasenza mbiri yoti ndimafuna kupha mwana wa eni ake ndi mapemphero. Ndikuuziranitu kuti nkhaniyi sindinkaimvetsa pamene inkachitika, ndipo mbali zina sindizimvetsa mpaka lero. Koma Mulungu anandilanditsa, ndiye sindingakhale chete.

Ndimaphunzitsa Bayoloje pa sekondale ina yoyendera cha ku Dambe. Dzina lokha ndi loyendera, koma ana ambiri sayendera chifukwa kwawo n'kutali. Amachita lendi tizipinda ta kuseri kwa magolosale a pamsika, atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi, n'kumadziphikira okha. Makolo amawatumizira chimanga kapena ufa pa njinga, wina pakatha sabata ziwiri, wina pakutha pa mwezi. Ana amenewa timangowatchula kuti ana a selofu.

Nditafika pasukuluyi anandipatsa udindo woyang'anira gulu la mapemphero la ophunzira. Tinkakumana Lachitatu lililonse tikaweruka, m'kalasi ya Fomu 2. Ndinapeza ana asanu ndi anayi okha, ndipo mwa iwo atatu ankabwerera kudzagona pa desiki. Anyamata akuluakulu mitima yawo inali ku boda, komwe anzawo osiya sukulu amasintha ndalama atavala mawotchi onyezimira. Atsikana ena tinkangomva kuti apita ndi oyendetsa mathiraki, osabweranso. Zinkandipweteka kwambiri, moti kwa zaka ziwiri pemphero langa linali limodzi, loti Mulungu atumize chitsitsimutso pakati pa ana amenewa.

Ndivomere pano kuti ine ndine munthu wopupuluma, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinali ndi kope momwe ndinkalemba chiwerengero cha obwera ku mapemphero, ndipo pogwada ndinkamuwerengera Mulungu manambalawo ngati Iye sadziwa masamu. Akabwera khumi ndi awiri ndinkayamika, akabwera asanu ndi awiri ndinkadandaula ngati wandibera.

Chaka chimenecho, kumayambiriro kwa Januwale, kumpingo kwathu kunabwera mlaliki amene anatiuza kuti pali miyala ina imene sisuntha ndi pemphero lokha koma ndi kusala kudya. Mawuwo anandilowa. Ndinapita kwa ahedi athu, a Mwale, kukapempha chilolezo, ndipo iwo anati palibe vuto bola zisasokoneze maphunziro. Lolemba loyamba la Febuluwale ndinaima pa asembule n'kulengeza kuti gulu lathu lisala kudya masiku atatu kupempherera chitsitsimutso, kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, kenako aliyense azimasula kwawo. Ndinati aliyense wofuna abwere, ndipo nthawi ya nkhomaliro tizikumana m'kalasi ya Fomu 2 m'malo mopita kokadya.

Tsiku loyamba lomwelo, belu la nkhomaliro litalira, ndinalowa m'kalasi muja ndili ndi Baibulo langa, ndikuyembekeza ana anga asanu ndi anayi aja. Ndinapeza modzaza. Ena anakhala pansi, ena anaima kunja n'kumasuzumira pa mawindo. Ndinawerenga kawiri, osakhulupirira, ndipo anapitirira makumi asanu ndi awiri. Atayamba kuyimba, thupi langa lonse linachita tsembwe. Ana amene sindinawaonepo atatsinzina anali akulira misozi yeniyeni. Ndinatuluka panja n'kuimbira foni amayi abusa athu, ndikufuula kuti moto wagwa pasukulu.

Masiku atatu atakwana ndinathokoza Mulungu n'kuuza ana kuti kusala kwatha. Pamenepo panaimirira mtsikana wa Fomu 4, dzina lake Tadala Zulu, mwana wa selofu, wofatsa, amene m'kalasi mwanga sankatsika pa nambala wani kapena thu. Anati, "Madamu, ife tikumva mumtima kuti tisasiye. Tipitirize mpaka masiku seveni." Ambiri anavomera ndi Ameni wamphamvu. Masiku asanu ndi awiri atakwana, yemweyo anaimanso n'kupempha kuti tifike masiku makumi awiri ndi limodzi. Ndikanakana bwanji ine amene ndinalirira zimenezi zaka ziwiri? Ndinangokweza manja.

Kunena zoona, ine mwiniwake ndinali nditayamba kufooka. Ikamakwana 3 koloko ndinkangoona makapu a tiyi m'maso. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinatsegula dirowa yanga mu sitafu rumu, n'kubwira mtedza wokazinga nditayang'ana kukhoma. Ndinachita manyazi kwambiri poganiza kuti ana andipitirira mu uzimu, chifukwa iwo sankadandaula ngakhale pang'ono.

Zizindikiro ndinkaziona, koma ndinkaziwerenga mozondoka. Milomo ya ana inauma, ine n'kumati ndi kudzichepetsa. Ankasinza m'kalasi, ine n'kumati akupemphera chamumtima. Atsikana anayamba kupinda masiketi m'chiuno, ine osaganiza kanthu. Chinthu chimodzi chokha chinkandizunguza mutu. Ana oyendera, amene amagona kwa makolo awo, pafupifupi onse anasiya masiku atatu aja atangotha, pamene ana a selofu ndi amene anakakamira. M'malo mofunsa chifukwa chake, ndinapanga ulaliki. Ndinadzudzula oyenderawo kuti ndi ofunda, akapolo a mimba, ndipo ndinawauza kuti atengere chitsanzo kwa anzawo. Ndikakumbukira ulaliki umenewo ndimafuna kulowa pansi.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Lolemba la sabata yachitatu, tili pa asembule, dzuwa litangotuluka m'mitambo, Tadala anagwa pamzere wa Fomu 4. Sanakuwe, anangopinda mawondo n'kugwa chafufumimba. Ana ena a gulu lathu anafuula kuti Aleluya, poganiza kuti wagwa ndi mphamvu ya Mzimu monga timaonera m'misonkhano ya chitsitsimutso. Abale anga, nanenso ndinaganiza chomwecho. Ndinathamanga n'kuuza aphunzitsi anzanga kuti asamunyamule, amusiye Ambuye amalize ntchito yawo. Ndinagwada, n'kuika dzanja pamutu pake, n'kuyamba kupemphera mokweza pamaso pa sukulu yonse. Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati. Ndinangomva a Mwale akundikankhira kumbali. Anamunyamula okha, n'kumukweza pa njinga yamoto mphunzitsi wina wamkazi atamugwirizira, ulendo wa kuchipatala.

Masana uthenga unabwera woti mwanayo amuika diripi. Adokotala anati m'thupi mwake simunalowe chakudya chenicheni kwa masiku ambiri, ndipo akanachedwa naye nkhani ikanakhala ina.

A Mwale anandiitanira mu ofesi. Ndi munthu wosakonda kukweza mawu. Anandiuza kuti gulu la mapemphero latsekedwa, ndipo ine ndisalowenso m'kalasi mpaka Lachisanu, pamene komiti ya makolo ndi aphunzitsi idzakumane kuti igamule ngati alembe kalata ku maofesi a zamaphunziro yondichotsa pasukulupo. Ndinayesa kufotokoza kuti ine ndinauza ana kuti azimasula 6 koloko. Anangondifunsa kuti, "Nanga mwana wakomoka, inu mphunzitsi wa Bayoloje, mumaletsa anthu kumunyamula?"

M'mawa mwake kunabwera bambo ake a Tadala, a Zulu, mlimi wochokera kumudzi wina wa kutali ndithu. Anaimika njinga yawo pakati pa bwalo la sukulu n'kuyamba kulalata kuti aliyense amve. Anati mwana wawo anamutumiza kudzaphunzira osati kudzafera mapemphero a mzimayi wosokonekera mutu, ndipo sachoka mpaka ndichotsedwe. Pofika Lachitatu nkhani inali itamera miyendo. Pamsika ankati ndayambitsa mpingo wanga, ena ankati ndimafuna kukhwimira ana kuti ndikwezedwe pantchito. Amayi amene tinkaimba nawo kwaya ankandiona n'kukhotera njira ina.

Masiku amenewo ndinkangokhala m'nyumba yanga ya pasukulu nditatseka makatani. Kupemphera kunkandikanika. Ndikati ndigwade, mafunso ankabwera ambirimbiri. Ngati zija zinali zochokera kwa Mulungu, n'chifukwa chiyani analola mwana agwe? Ngati zinali za mdierekezi, nanga nyimbo zija, misozi ija, mdierekezi angapangitse ana kulira potchula dzina la Yesu? Ndinkati mwina Tadala anachita liuma n'kumasala usana ndi usiku osandiuza, koma nanga enawo, milomo yawo inaumiranji chimodzimodzi? Ndinayamba kukayika ngati ndinamvapo mawu a Mulungu chibadwire. Ndinkaopa kuchotsedwa, inde, koma chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti ndikachoka motere, pasukuluyi sipadzakhalanso wolimba mtima kutchula za mapemphero. Chinthu chimene ndinachipempherera zaka ziwiri ndinali nditachipha ndi manja anga, osadziwa ngakhale kuti ndachipha bwanji.

Lachinayi m'mawa ndinakwanitsa pemphero lalifupi. Ndinati, Ambuye, za chitsitsimutso ndasiya kupempha, mungondionetsa chabe chimene chachitika, chifukwa ine mutu wanga waima. Sindinamve kanthu. Ndinadzuka n'kupeza kuti ufa m'nyumba watha.

Sindinkafuna kuonekera kunja, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinathira chimanga mu ndowa, n'kufunda chitenje kumutu, ulendo wa kuchigayo cha pamsika. Nditafika, amayi amene anali pamzere anasiya kucheza. Ndinaika ndowa yanga kumapeto, n'kumayang'ana pansi. Patangotsala anthu awiri kuti ndifike, magetsi anazima, chigayo n'kukhala zii. Ndinadziuza mumtima kuti ngakhale magetsi andida.

Mwini chigayocho ndi bambo wina wachikulire, Msilamu, amene tonse timamutchula kuti Che Amidu. Chifikireni ine pamalopo tinali tisanachezepo kupitirira moni. Anatuluka m'chigayo muja ufa uli mbuu m'nsidze ndi pa kachipewa kawo, n'kundikodola kuti tipite pakhonde la kumbali. Ndinaganiza kuti nawonso akufuna andinyoze, ndiye ndinakonzekeratu mawu.

"Aphunzitsi, pepani, ndikufunseniko," anatero. "Kusala kwa ana anu kuja, kumasula kwake ndi nthawi yanji?"

Ndinayankha mwaukali pang'ono kuti 6 koloko, ndipo ndinalengeza pamaso pa aliyense.

"Chabwino. Nanga amamasulira chiyani?"

Funso limenelo linali lisanabwerepo m'mutu mwanga.

"Ifetu kusala timakudziwa, aphunzitsi," anapitiriza motsitsa mawu. "Mwezi wathu wosala ukafika, chigayo chino sichipuma, chifukwa munthu wosala amakonzekera za madzulo. Koma ana anu a selofu aja, ine ndimawadziwa ndi timajumbo tawo, Loweruka lililonse amabwera kudzagaitsa. Chiyambire kumapeto kwa Januwale, ambiri sanapondemo muno ndi chimanga. Amabwera ndikamatseka, kudzapempha kuti asese pansipa, ati ufa wakugwawo akapatse nkhuku. Ine ndimawapatsa tsache, nthawi zina ndimachita ngati ndataya wina mwangozi pa saka yoyera. Koma inu mundiuze, mwana wa lendi nkhuku amazisunga pati?"

Anawonjezera kuti mtsikana amene wagwayo sanabwereko n'kamodzi komwe kudzasesa, ndipo m'mene amamuonera, ndi mwana woti angalole kufa kusiyana ndi kugwira tsache limenelo anthu akuona.

Ndinakhala pa njerwa imene inali pakhondepo. Ine ndinabadwira kumudzi. Ndimadziwa kuti Febuluwale ndi mwezi wanji, ndipo ndinkadziwa kuti chaka chapitacho ng'amba inapsereza chimanga m'midzi yambiri ya kuno. Chaka chilichonse ndimalemba pa bolodi magulu a zakudya n'kumakalipira ana amene aiwala gulu limodzi. Koma maso anga anali pa kope la manambala lija. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Ndowa ndinaisiya pomwepo n'kulunjika ku tizipinda ta kuseri kwa magolosale. Tadala anali atatulutsidwa kuchipatala dzulo lake. Ndinamupeza atagona pa mphasa, anzake atapita ku sukulu. Mbaula inali pakona yozizira, yopanda ngakhale phulusa. Thumba la ufa analipinda bwinobwino n'kulisandutsa pilo. Ndinakhala pansi pambali pake, ndipo ndisanafunse n'komwe, mwana uja anayamba kulira.

Anandiuza kuti ufa wake unatha Januwale asanathe. Ataimbira foni kwawo, bambo ake anamuuza kuti apirire pang'ono, ndipo iye anadziwa kuti kunyumba nako akugonera masamba a maungu. Anzake a m'chipindamo nawo zinali chimodzimodzi. Nthawi yowawa kwambiri inali ya nkhomaliro, pamene ena akupita kokaphika, ena akutsegula timakontena tawo, iwe ukusowa poyang'ana. Ndiye ine nditalengeza za kusala, kwa iwo kunali ngati ndawafunditsa nsalu. Wina akafunsa kuti bwanji sukudya, yankho linalipo, ndipo linali yankho laulemu. Masiku atatu atatha anachita mantha kuti abwereranso ku manyazi aja, n'chifukwa chake anapempha kuti tipitirize. Madzulo ankamwa madzi a mchere, tsiku lina chigawo cha mbatata mnzake akamugawira.

Mtima wanga unasweka, koma ndisaname, mbali ina inapepukidwa. Ndinati basi, mawa ndili ndi chonena ku komiti. Tadala anakhala ngati wawerenga maganizo anga, chifukwa anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Madamu, chonde musakanene mawa kuti adadi sanatumize ufa. Ndi mkulu wa mpingo kwathu. Anthu akamva, sadzayendanso pamsewu." Anandichonderera mpaka ndinalonjeza.

Ndinabwerera kuchigayo magetsi atayaka, n'kupeza Che Amidu atandigayira kale, n'kutenga ufa wanga kukagawa m'tizipinda tija, ndipo ndinaona kuti ndowa inali yodzaza kuposa chimanga chimene ndinabweretsa. Koma pobwerera kunyumba ndinali wosokonezeka kuposa m'mawa. Ndinapempha Mulungu kuti andionetse choonadi, wandionetsa, kenako wanditseka pakamwa. Ndikanena, ndipulumuka koma ndichititsa manyazi mwana amene ndamuvulaza kale. Ndikapanda kunena, ndipita. Ndinamufunsa Mulungu kuti kodi uku ndi kuyankha kwa mtundu wanji, ndipo sanandiyankhe.

Lachisanu tinakumana m'kalasi ya Fomu 4. Makolo anabwera ambiri kuposa masiku onse, ena anachokera midzi ya cha ku Kachebere. Kutsogolo kunakhala a tcheya a komiti ndi a Mwale, ndipo patebulo panali kalata yolembedwa kale, yongodikira kusainidwa. A Zulu ndi amene anayamba kulankhula. Anabwereza zonse zija, anthu akuvomereza, ine nditangowerama. Ndinkawayang'ana m'munsimunsi, n'kuona kuti kolala ya shati yawo yachita kulendewera m'khosi, ndipo mkwiyo umene ndinali nawo pa iwo unangosungunuka.

Atandipatsa mpata ndinaimirira ndisakudziwa chimene ndinene. Mawu odziteteza ndinali nawo okonzeka, oti kusala kunali kosakakamiza, ndiponso ndinalengeza nthawi yomasula. Koma amene anatuluka ndi ena. Ndinati, "Makolo anga, ndinalakwa. Ndinauza ana anu kuti asale kudya, koma sindinafunse ngakhale mmodzi ngati ali ndi chomasulira madzulo. Mwezi uno ndi Febuluwale, ndipo ine si mlendo m'dziko lino. Mwana atagwa ndinamuika dzanja m'malo momunyamula. Ndinkafuna kuona kalasi yodzaza kuposa kuona nkhope za ana. Chimene mugamule ndilandira." Sindinatchule dzina la munthu. Ndinakhala pansi ndikudziwa kuti zanga zatha.

A tcheya anakokera kalata ija pafupi n'kutulutsa cholembera m'thumba la jekete. Pamenepo ndinamva benchi ikulira. A Zulu anali ataimiriranso, chipewa chili m'manja, akuchipotokola.

"A tcheya, kalatayo ibayamba yadikira," anatero, mawu atasintha. "Amayiwa akudziwa kanthu, koma andibisira. Mwana wanga sanasale. Ufa ndinamutumizira komaliza sukulu itangotsegulidwa kumene. Nkhokwe yanga ili pululu. Ndimati ndikalalata kwambiri, anthu sayang'ana kunyumba kwanga."

Atatero anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa chija. Ndinkaopa kuti anthu ayamba kung'ung'udza, koma mayi wina amene anakhala kumbuyo, mwana ali kumsana, ananena motsitsa kuti, "Nanenso wanga sindinamutumizire." Bambo wina pafupi ndi windo anati nayenso. Anatsatira ena, mmodzimmodzi, osayang'anana. A Mwale anavula magalasi awo n'kumawapukuta nthawi yaitali. A tcheya anapinda kalata ija kanayi n'kuiika m'thumba.

Sikuti ndinatuluka wopanda mlandu ayi. Anandichenjeza pamaso pa onse, gulu analiimitsa sabata ziwiri, ndipo analamula kuti pasadzakhalenso kusala kulikonse makolo ndi ahedi osadziwa. Zonsezo zinandiyenera. Koma ntchito yanga inatsala, ndipo msonkhano umene unaitanidwa kuti undichotse unathera pa kukambirana za phala. Makolo a pafupi amene anali ndi kenakake analonjeza chinangwa ndi chimanga chochepa, aphunzitsi tinasonkha matumba awiri, ndipo Che Amidu atamva anatumiza uthenga woti chimanga cha phala la ana azigaya ulere. Lolemba lotsatira, nthawi ya nkhomaliro, mwana aliyense wa selofu anamwa kapu ya phala la mgaiwa.

Sabata ziwiri zitatha ndinapita m'kalasi ya Fomu 2 ndikuganiza kuti ndikapeza mabenchi okha. Kope lija ndinalisiya kunyumba. Ndinapeza ana ngati makumi atatu, oyendera ndi a selofu osakanikirana. Ndisanatsegule ndi pemphero ndinapepesa kwa oyendera aja chifukwa cha ulaliki wanga. Kenako Tadala anaimirira, akadali wowonda, n'kunena pamaso pa anzake kuti ananamiza ine, ananamiza iwo, ananamizanso Mulungu potchula njala kuti kusala. "Koma ndinenenso ichi," anatero. "Masiku amenewo ndi pamene ndinayamba kulankhula ndi Yesu zenizeni, poti ndinalibe wina womuuza. Pano ndikudya, koma sindikufuna kusiya."

Mnyamata wina wa Fomu 3, woyendera, mmodzi wa amene mitima yawo inali ku boda, anaimirira n'kuulula kuti ankadziwa kuti mnzake wokhala naye desiki imodzi sakudya, koma ankamuseka kuti m'busa. Anapita pomwe panali mnzakeyo n'kugwada. Zitatero ana anayamba kuimirira okha, wina kupepesa kwa wina, wina kuulula zimene sindingalembe pano. Panalibe kufuula, panalibe wogwa pansi. Ine amene ndinazolowera kutsogolera chilichonse ndinangokhala pa benchi yakumbuyo mpaka kumapeto.

Tsiku lomwelo anapangana okha lamulo limene likugwirabe ntchito mpaka pano. Amene akufuna kusala ayambe wanena poyera kuti dzulo anadya chiyani ndipo madzulo amasulira chiyani. Akaloledwa, ufa umene akanadya masana a tsikulo aubweretse kwa mnzake amene alibe. Gulu silinabwererenso pa makumi asanu ndi awiri aja, koma ana amene alipo amayenderana m'tizipinda, amapemphererana mayina, ndipo chaka chatha anakabweza atsikana awiri amene anali atasiya sukulu. Tadala analemba mayeso ake a Fomu 4 n'kukhoza bwino, ndipo bambo ake akabwera pamsika salephera kudzandipatsa moni.

Mukandifunsa kuti chitsitsimutso chinayamba tsiku liti, sindingakuuzeni. Sindidziwa ngati misozi ya sabata yoyamba ija inali ya Mzimu kapena ya njala, ndipo mwina Mulungu anailandira yonse pamodzi. Sindimvetsa chifukwa chake anadutsa abusa, amayi a kwaya ndi ine wa Baibulo m'manja, n'kukaika yankho langa pakamwa pa bambo wachisilamu wa pachigayo, magetsi atazima. Nditapita kukawathokoza, Che Amidu anangoseka n'kunena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, kenako anabwerera kukathira chimanga.

Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayenera kuchoka pasukulu pano ndi manyazi, koma ndilipo. Ndikuthokoza Ambuye Yesu amene anasunga moyo wa Tadala pamene ine ndinkatchinga anthu kuti asamunyamule. Ndikuthokoza kuti ananditseka pakamwa tsiku limene pakamwa panga pakanawononga banja la eni ake, ndiponso kuti anapatsa a Zulu mphamvu yoimirira kachiwiri. Ulemu wonse upite kwa Iye.

Inu amene mukupempherera ana a m'sukulu zanu ndipo simukuona kanthu, musaleke. Inu amene mwasokonezeka, amene simukudziwanso ngati ndi Mulungu kapena ndi inu nokha, muuzeni momwemo kuti mutu waima, Iye sakhumudwa ndi pemphero lotero. Pitirizani kugwada, pitirizani kusala ngati thupi likulola. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, ine amene ndinachiphunzira mwana wa eni ake ali pa diripi. Musanauze mwana kuti atseke maso mupemphere, yambani mwatsegula anu, mumuyang'ane bwinobwino, ndipo mumufunse ngati dzulo anadya.